KODI MKAMWINI AOKE MTENGO?

Abale anga owerenga, ndadza ndi mlandu umene ndinaupeza pa khonde la nyumba, ndipo ndifuna kuti tiuweruze pamodzi, pakuti unayamba zaka ziwiri zapitazo ndipo mumtima mwanga sunathe. Suli mlandu wa ng'ombe kapena wa malire a munda, umene tikadanka nao kwa mfumu. Ndi mlandu wa timitengo tisanu ta mango, tosafika ndi m'bondo momwe.

Mudzi wathu uli m'mapiri a Dowa, kufupi ndi Kongwe, m'dziko la Msakambewa. M'mwezi wa Disembala, itagwa mvula yobzalira, alangizi anagawira anthu mbande za mitengo m'timachubu takuda, monga achita m'nyengo yobzala mitengo, imene iyamba pa 15 Disembala nitha pa 15 Epulo. Mnyamata wina amene anakwatira mdzukulu wanga, mwana wa mwana wa mlongo wanga, analandira mbande zisanu za mango omezanitsa. Atapita masabata awiri ndinadzera pakhomo pake, ndipo taonani, mbande zonse zisanu ziri pa khonde, masamba atafota, nkhuku zitapalasa dothi la m'machubu.

Popeza mdzukuluyo ndi wanga, mwamuna wake ndimaseka naye monga mwa mwambo wathu. Ndinati, "Kodi aMwale, mango awa muyembekeza kuti adzayenda okha kunka kuseri kwa nyumba?" Koma iye sanaseke. Anati, "Agogo, inu mudziwa bwino kuti pano si kwathu. Ndikaoka, ndiyenera kuthirira malimwe atatu, ndimange mpanda, ndipirikitse mbuzi. Ndipo tsiku limene adzayamba kubala, kapena ine ndidzakhala nditapinda kale mphasa yanga. Adzadya ndi mwamuna wina, nakhala pa mthunzi wake, nanditcha chitsiru. Chimanga ndilima, inde. Koma mtengo ndidzaoka kwathu ku Malomo."

Musafulumire kumtcha waulesi, pakuti mnyamatayu ndimdziwa m'manja mwake. Mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka itauma gwa, iye ali kale m'munda kusosa ndi kuunga mizere tambala asanalire kachiwiri, ndipo abwerako dzuwa liri kuswa mtengo. Mvula ya chizimalupsa ikagwa sanyengeka nayo. Adikira yeniyeni, ya kumapeto kwa Novembala kapena ya mu Disembala, nabzala chimanga, mtedza ndi soya osaweramuka. Mkazi wake atsata m'mbuyo, naponya maungu, nyemba ndi khobwe pakati pa mapando. Kuseri kwa nyumba yao kuli kamunda kakang'ono, kamene ife a kumudzi sitikawerengera konse, chinkana ndi komwe kadyetsa banja masiku onse a dzinja: nkhwani woyanga mpaka pa khola, mphonda zokwera pa nkhokwe, therere, tsabola, ndi bonongwe womera yekha pa dzala pomwe atayira phulusa. Mu Januwale apalira nabandira, nkhokwe iri pululu, m'mimba muli phala lokha. Mu Malichi adza mondokwa ndi maungu, ndipo nkhope za ana zisintha. Pamenepo amai afutsa nkhwani ndi khwanya, naziyanika pa mphasa, nazimanga m'zikwatu za masamba a msuku, nazipachika ku denga kuti zidzakhale ndiwo za malimwe. Mu Epulo ndi Meyi akumba mtedza, adula chimanga, aimika mikukwe, natuta. Ndipo pamene anzake ena ayesa kuti ntchito yatha nakhala pa bawo, iye atsikira ku dambo mu Juni, chisanu chiri kuluma zala, nafukula chitsime cha ku dimba, natipula, nafesa mpiru, repu, matimati ndi anyezi. Athirira m'mawa ndi madzulo, nakweza madengu pa njinga kunka nao ku msika. Mwezi wopumula alibe. Munthu wotere sakana mtengo chifukwa cha kuopa khasu.

Tsono chimene akana nchiyani? Yang'anirani bwino ntchito zonse ndatchulazi, ndipo mudzaona kuti iri yonse ilipira mwini wake chaka chisanathe. Mpiru ukafesedwa, pakutha mwezi ndi theka uli mumphika. Nyemba zifuna miyezi itatu, chimanga inai kapena isanu. Papaya ndi nthochi zidikiritsa chaka, kapena chaka ndi theka. Koma mango womezanitsa afuna zaka 3 kapena 4, ndipo wa njere afuna 6 kapena kuposa. Peyala wa njere adikiritsa koposa. Msangu, mtengo wodabwitsa uja umene uyoyola masamba m'dzinja pamene inzake iri kuphuka, nunenepetsa chimanga cha pansi pake, sudzakuonetsa ubwino wake zisanathe zaka khumi. Za mbawa sindinena. Wooka mbawa ali ndi imvi sadzagonera chitseko chake. Chotero m'munda muli ntchito za mitundu iwiri: zina munthu azigwirira mimba yake ya chaka chino, zina azigwirira munthu amene adzakhala pa malopo zaka zirinkudza. Mwini mudzi adziwa kuti munthuyo ndi iye yemwe, kapena mbumba yake. Mkamwini sadziwa.

Ndipo mantha akewo sali a chabe. Makolo athu anati mkamwini asamakule mwendo, ndipo mau amenewa tiwalankhulabe. Ukwati ukatha, wochoka ndi mwamuna. Nyumba imene anaumbira njerwa itsala, munda utsala, ana atsala. Mkazi akamwalira, maliro akatha, akulu amsudzula mwamunayo, ndipo njira ya kwao itseguka, afune asafune. Palinso china chimene anthu sachinena poyera. Mtengo ndi mboni ya malo. Pa bwalo la mfumu, munthu akaloza mango nati, "Uwo ndinaoka ndine," mau ake alemera. Chifukwa chake eni mudzi ena akaona mkamwini ali kukumba maenje a mitengo ayamba kunong'onezana kuti, "Uyu afuna kutilanda malo." Akapanda kuoka amtcha waulesi, akaoka amtcha wakuba. Ndipo musayese kuti ndi amuna okha. Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi chitengwa chachuluka, ndipo mtengwa ali m'msampha womwewo: mwamuna akamwalira, alamu ayamba kumyang'ana ndi diso lina, ndipo nthochi zimene anathirira ndi madzi otsukira mbale zisanduka za eni ake.

Ndinena izi monga munthu wolawa, pakuti inenso ndinali mkamwini. Ndinakwatira pa mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, ndipo ndinakhalako zaka zoposa makumi awiri. M'zaka zoyamba, ndiri mnyamata wosaganiza zambiri, ndinaoka mango asanu ndi awiri mozungulira bwalo, mapeyala awiri kuseri kwa nyumba, nthochi kumene atsikira madzi a ku bafa, ndi tsinde la nsungwi m'mphepete mwa dimba. Agogo ake a mkazi wanga ankandiseka, nati, "Amuna anga, mufuna kumera mizu pano?" Ine ndinkangoseka nao. Ndipo inadza njala ija ya 2002, imene ali yense wa msinkhu aikumbukira. Nkhokwe yathu inatha mvula isanagwe. Mu Disembala wa 2001 mkazi wanga anaphika mango aawisi mumphika wa nsima, ana nadya, nagona. Mu Febuluwale, pamene anthu ankakumba zitsa za nthochi ndi kusinja, mapeyala athu anakhwima. Ena tinadya, ena tinasinthanitsa ndi madeya. Ana a alamu anga ankadza m'mawa kudzatola ogwa, ndipo sitinawaletse. Sindinena kuti mitengo ija yokha ndiyo inatipulumutsa; koma pa nyumba yathu sitinaike munthu chaka chimenecho, ndipo nyumba zina zinaika.

Patapita zaka zowerengeka mkazi wanga anamwalira. Sanandipirikitse mwachipongwe, iai. Anachita zonse mwa mwambo, nandithokoza, nanena kuti ndikafuna kudzaona ana njira iripo. Ndinachoka ndi khasu, nkhwangwa, bokosi la zovala ndi njinga. Pakutuluka m'mudzi ndinapita pansi pa mango anga ali ndi maluwa, ndipo sindinayang'ane kumwamba. Zitapita zaka zitatu ndinanka kukaona mwana wanga wamkazi, ndipo ndinapeza mango anai atadulidwa. Mmodzi wa alamu anga anaotchera njerwa. Panalibe munthu anandifunsa, ndipo panalibe chifukwa choti andifunse. Ndinakhala pa chitsa chimodzi nthawi yaitali, ndipo ndivomera kwa inu kuti tsiku lija ndinaganiza ndendende monga aganiza aMwale lero.

Anthu akamva mlandu wotere ali ndi mayankho awiri ofulumira. Ena ati, "Oka, pakuti adzadya ana ako." Mau awa ngoona, ndipo kwa ambiri akwanira, mwana wanga wamkazi agulitsa mapeyala a mitengo ija kufikira lero, nagulira ana ake makope. Koma nanga amene alibe mwana? Nanga amene ana ake anabalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Joni? Kodi iyeyo amasuka? Ena ati, "Oka, kapena sudzachoka, onani uje wakalambira ku chikamwini." Koma uku ndi kuchita maere, ndipo munthu wanzeru akhoza kuwerenga nyumba za m'mudzi mwake, naona maukwati angati anatha, nati maerewo sandikomera. Ngati tiribe yankho lina koma awiriwa, aMwale apambana mlandu.

Cholakwa ndichiona pa chiyambi penipeni pa kuwerenga kwake. Iye ayesa mtengo ngati ganyu: ndagwira ntchito yakuti, ndilandire malipiro akuti; malipiro akakayikitsa, ntchito ndiileka. Pa ganyu kuwerenga kotere nkolungama, ndipo wolemba ganyu wosalipira ndi mbala. Koma si ntchito zonse ziri ganyu. Pali ntchito zina zimene munthu azigwira atalandira kale malipiro ake, ndipo dzina lake ndi ngongole.

Yendani m'mapiri athu ano m'malimwe, udzu utapsa, ndipo mudzaona apa ndi apo mango akuluakulu ataima mozungulira pakati pa thengo, popanda nyumba ngakhale imodzi. Amenewo ndi mabwinja. Nyumba zinagwa, nkhokwe zinadyedwa ndi chiswe, maina a anthu anaiwalika. Mango atsala, ndipo abusa a ng'ombe akwera m'menemo chaka ndi chaka. Ndinamfunsa mnyamata uja kuti, "Pamene munali mwana ku Malomo, mango amene munkagenda popita ku sukulu anaoka ndani?" Anati sadziwa. Ndinati, "Ine ndikuuzani. Mudzi wa Achewa ndi wa akazi ndi alongo ao, koma alongowo ambiri ali ku ukwati kwina. Amuna ogona m'mudzimo, okumba maenje ndi kumanga mipanda, ambiri ndi obwera. Mango amene munadya inu anaoka mkamwini wina, amene kapena anasudzulidwa, napita, osadyako." Ndiponso mango mwini wake ndi mlendo. Kwao ndi ku India. Peyala kwao ndi ku Mexico, kumenenso kunachokera chimanga chimene tichiyesa moyo wathu. Zonsezi zinafika kuno m'manja mwa anthu apaulendo, amene sitidziwa maina ao. Ndikafuna kuseka ndimati mkamwini wamkulu wa dziko lino ndi mango: anadza kuchokera kutali, namera mizu, ndipo palibe amene anamsudzula.

Koma aMwale si munthu wogonja msanga, ndipo anandiyankha bwino. Anati, "Ngati ndi ngongole, Agogo, ndinaitenga ku Malomo, ndikabweze komweko." Yankho ili linanditsekera pakamwa masiku angapo, kufikira ndinakumbukira chimene wolera mtengo ali yense achidziwa, ndicho kuti kuoka ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kulera ndi ntchito ya zaka zitatu. Mbande yooka mu Disembala ikondwa dzinja lonse, mwini wake nayesa kuti yagwira. Adani ake adza m'mbuyo. Anthu akatha kukolola amasula mbuzi, ndipo kuyambira Juni kufikira mvula palibe chobiriwira chimene mbuzi ichileka. Mu Ogasiti ndi Seputembala anyamata osaka mbewa atentha tchire, moto nulowa mpaka kuseri kwa nyumba. Chiswe chidya mizu mwakachetechete. Mu Okutobala chitsime cha ku dimba chitsika, ndipo ndowa iri yonse yonka ku mango ndi ndowa yolandidwa kwa matimati amene akadagulitsidwa Loweruka. Ndani adzachita zonsezi ku Malomo, mwini wake ali kugona ku Kongwe? Munthu akhoza kulera mtengo pokhapo pamene agona. Chotero mkamwini wonena kuti "ndidzaoka kwathu" sadzaoka pena pali ponse. Unyamata wake utha ali ku chikamwini, ndipo akadzabwerera kwao adzakhala nkhalamba yosatha kusenza ndowa.

Ndipo lingalirani ichi, chimene ndichiyesa pakati penipeni pa mlanduwu. Pamene aMwale ali kuno kudikira tsiku lokaoka kwao, ku Malomo kuli mnyamata wina amene anakwatira mlongo wao, nayenso ali kudikira tsiku lokaoka kwao ku Madisi. Ndipo ku Madisi kuli wina wodikira za ku Mvera. Ali yense payekha awerenga bwino, ndipo palibe mmodzi amene tingamtsutse. Koma onse akatero, midzi yonse ikhala mbee, yopanda mthunzi ndi chipatso, ndipo aMwale akadzasudzulidwa adzapeza kwao kuli dzuwa lokhalokha, chifukwa mlamu wao anali wochenjera monga iwo. Nzeru imene ipindulitsa munthu pokhapo anzake akapanda kuitsata, ine ndiikayikira. Ngongole ya mtengo sibwerera kwa amene anakukongoza. Iye anafa kale, kapena anachoka. Uipereka kwa amene ali pafupi, ndipo mnzako wosamdziwa aipereka kwa abale ako.

Kale mlanduwu sunali waukulu chotere, chifukwa thengo linali kutikongoza tonse osafunsa. Masuku sanaoke munthu. Ana ankangokwera m'phiri mvula ikayandikira, nabwerako ndi madengu odzala. Nkhuni, milimo, luzi, mankhwala, bowa, zonse zinali zongotola. Lero tayang'anani mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi: zigafa za fodya, makala ndi maunu a njerwa zadya misuku ndi mitondo, ndipo amai ayenda mtunda kufuna masamba omangira chikwatu. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, m'mene makolo athu ankabisala pothawa nkhondo za Angoni, iripobe chifukwa Boma linaitchinjiriza m'chaka cha 1924. Koma simungathe kudyetsa maboma awiri ndi phiri limodzi. Mtengo umene mdzukulu adzadya tsopano ndi wokhawo umene munthu anauoka ndi manja, kuseri kwa nyumba kapena ku dimba.

Kufikira pano ndalankhula ngati wopambana, ndipo nkosavuta kwa nkhalamba kulalikira mnyamata za ngongole. Koma ine lero sindiri mkamwini. Ndiri mwini mbumba, ndipo mau akomera ine. Mnyamatayo akaoka, mango atsala m'mudzi mwanga. Munthu akapeza kuti chilungamo chimene alalikira chidzadzaza dengu lake lomwe, ayenera kudziyesa kawiri. Ndipo podziyesa ndinakumbukira chinthu chochititsa manyazi. Nditangobwerera kuno kwathu, mkamwini wina, mwamuna wa mwana wa mlongo wanga, anaoka mzere wa mitengo m'malire a munda umene tinampatsa. Alongo anga anadza kwa ine usiku, nati, "Achimwene, mukuona? Mawa adzati mundawu ngwake." Ndipo ine, ine yemwe amene ndinakhala pa chitsa cha mango anga ku Ntchisi, ndinatuma ankhoswe kukamuuza kuti azule. Anazula, osayankha kanthu. Munthuyo alipo kufikira lero, wakalambira pano, ukwati wake sunagwedezeke. Koma sanaokenso kanthu, ngakhale papaya, ndipo pa bwalo pake ana akhala pa dzuwa. AMwale anaimva mbiri imeneyi asanalandire mbande zao. Tsono amene anaumitsa timitengo tija pa khonde ndani, iwo kapena ine?

Chifukwa chake ndinena kwa inu eni midzi, atsibweni ndi amai aakulu, kuti ngongoleyi iri mbali ziwiri. Sitingathe kuuza munthu kuti, "Gwira ntchito ngati mwana wa pano," ndi kumuuzanso kuti, "Kumbukira kuti suli wa pano." Ankhoswe akakhala pansi pa chiyambi cha ukwati anena za nyumba, za munda, za matenda ndi za ndeu, bwanji sanena za mitengo? Anene poyera, pali mboni, kuti mtengo suli chikole cha malo, kuti eni mudzi aleke kuopa. Anenenso kuti wooka ali ndi dengu lake pa mtengowo masiku onse a moyo wake, angakhale ukwati utatha, ndi kuti sudulidwa iye osamva. Dengu la mango nlaling'ono, ndipo munthu wokhala kutali kapena sadzabwera kudzalitenga. Koma kudziwa kuti akhoza kubwera, nakhala pa mthunzi umene anaulera, osayesedwa mbala, kumeneko nkwakukulu. Ine akadandiuza mau amenewa tsiku londisudzula, ndikadayang'ana kumwamba potuluka m'mudzi.

Ena adzati zonsezi Boma linakonza kale. Zoona, pali lamulo la 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye, ndipo pali lamulo la malo a makolo la 2016, limene lilola munthu kulembetsa malo ake, ngakhale mwamuna ndi mkazi pamodzi. Malamulowa ngabwino, ndipo mtengwa wolandidwa munda asaope kunka nao ku bwalo. Koma ndani adzakwera galimoto kunka ku boma chifukwa cha mango awiri? Ndipo mkamwini amene angatchule za kulembetsa malo a mkazi wake m'dzina lake, mudzi wonse udzamdzukira tsiku lomwelo. Milandu yaing'ono yotere, imene ichuluka koposa yaikulu, ithera pa khonde, ndipo woweruza wake ndi mtima wa apongozi.

Patsala munthu mmodzi amene sindidziwa chomuuza mwamphamvu: iye amene akhala pakati pa anthu ouma mtima ndithu, amene amwerengera masiku, ndipo adziwa kuti tsiku lochoka iye nkhwangwa idzalowa m'mitengo yake. Kumuuza wotere kuti asenze madzi malimwe atatu ndi kumsenzetsa katundu amene ine sindinamsenze mokondwa. Sindimtsutsa akaoka papaya ndi nthochi zokha. Koma ndikumbukira kuti mwa mango anga asanu ndi awiri nkhwangwa inadya anai, ndipo atatu alipo. Ndipo ana amene akwera m'menemo sadziwa kanthu za mlamu wanga kapena za ine.

Mlandu wa aMwale tinautenga chotere. Ndinaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi mlongo wanga, ndi mdzukulu wanga, tinakhala pansi pa nkhokwe, ndipo ndinanena mau aja a dengu pamaso pa onse. Mlongo wanga sanakondwe, nati, "Achimwene, mwayamba zachilendo." Ndinati zachilendo ndi mango omwe. Ndinapitanso kwa mkamwini wakale uja, amene ndinamzulitsa mitengo, ndi kumpepesa. Anangoti, "Zinapita, bambo," nayang'ana kumbali.

Pamene tinkatha zonsezi mbande zitatu zinali zitauma kale. Ziwiri zotsalazo tinaoka kuseri kwa nyumba, kupyola pa nkhwani. AMwale anakumba maenje akuya mkono umodzi, nasakaniza dothi lapamwamba ndi manyowa a m'khola, nathira phulusa chifukwa cha chiswe, nasamala kuti pomezanitsa pakhale pamwamba pa nthaka. Ine ndinadula minga ya mthethe ya mpanda. Malimwe onse anasenza ndowa kuchokera ku dimba kawiri pa sabata. Mu Ogasiti mbuzi inathyola mpanda umodzi nidya mtengo mpaka pa tsinde, ndipo mbuziyo inali yanga, ndinalipa nkhuku. Wotsalawo tsopano wafika m'chiuno. Chaka chino unachita maluwa, koma alangizi anati tiwathothole kuti mtengo uyambe wakula, ndipo aMwale anawathothola ndi dzanja lao, ali kudandaula. Ndikadzera pakhomo pao amanditengera kuseri kukauona, koma sananenepo kuti "mango anga." Amati, "Agogo, tiyeni mukaone mango anu aja."